Tisanamenye Njinga ndi Nyundo

Loweruka m'mawa, pamene amayi ali kalikiliki ndi zochapa, m'midzi mwathu mumamveka phokoso limene tonsefe tidalizolowera, ndilo kulira kwa chitsulo pomenyedwa ndi chitsulo chinzake. Mukalilondola phokosolo mudzapeza mnyamata pansi pa mtengo wa mango, njinga ya atate ake ataiimika chadodolido, m'dzanja muli nyundo kapena mwala, pambali pake pali msomali waukulu ndi pulayala yotha mano. Mukamfunsa chimene akuchita adzakuyankhani mwaulemu kuti akukonza njinga, ndipo sakunama ayi, pakuti mumtima mwake cholinga nchomwecho. Koma ife amene taona zambiri timadziwa kuti pofika madzulo njingayo idzakhala ndi nthenda ziwiri m'malo mwa imodzi.

Sitikulemba izi monyoza anyamata, popeza ifenso tidadzera njira yomweyo. Pamene tinali kuyamba ntchito, atate athu adatipatsa njinga yao yakale, ija yakuda ndi yolemera. Tsiku lina pedulo ya kumanzere idayamba kulira, tsono tidaganiza zoimasula kuti tiipake girisi. Tidabwereka bobojani nkuyamba kupotoza monga momwe timamasulira nati iliyonse. Idakana. Tidalowetsa paipi ku chigwiriro kuti mphamvu ichuluke, koma idakanabe. Potsiriza tidaitana mnzathu wa thupi lake, ndipo iye ataponda paipiyo ndi phazi, pedulo idatembenuka ndithu, koma idangoyamba kuzungulira pamalo pamodzi osatuluka. Mazinga a mu mkono wa pedulo anali atatheratu. Nthawi yonseyo ife tinali kumanga chinthu chimene tinkayesa kuti tikumasula.

Tidaikankhira njinga m'chipinda kudikira kuti mwezi uthe tikagule mkono wina ku boma. Usiku wachinayi mwana wathu wachisamba adatentha thupi ndi malungo mpaka kuyamba kukomoka, chipatala chili pa mtunda wa maola atatu a miyendo. Tidagogoda pa makomo a anthu pakati pa usiku kupempha njinga, ndipo tidaipeza pa khomo lachitatu. Mwanayo adachira, lero ndi mayi wa ana ake. Koma sitidzaiwala m'mene tidaimira mumdima muja kuyang'ana njinga yathu, matayala onse ali bwino, mabuleki ali bwino, yongosowa pedulo imodzi imene tidaiononga tokha.

Nchifukwa chake mwezi uno tafuna kuti tikambirane za zida zokonzera zigawo zija zimene zimatenga mphamvu ya mwendo nkuifikitsa ku gudumu la kumbuyo, ndizo mapedulo ndi mikono yake, tcheni, filiwilo ndi habu. Kumata chubu aliyense amadziwa. Koma pa zigawo izi ndi pamene njinga zambiri zimafera m'manja mwa eni ake, ndipo pakhomo pamene njinga imapita ku chigayo, ku msika ndi ku chipatala, kapena pamene mnyamata wa kabaza amadyetsa nayo banja, kufa kwa njinga si nkhani yaing'ono.

Tiyambe ndi pedulo yomweyo. Pedulo ya kumanja ili ndi mazinga a masiku onse, koma ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuza, ndipo adaipanga choncho dala kuti isamadzimasule yokha munthu akamapalasa. Njira yosaiwalika ndi iyi: njinga itaima pa matayala ake, ikani sipanala pa pedulo chigwiriro chitaloza kumwamba, tsono kankhirani chigwirirocho cha ku gudumu la kumbuyo. Mukatero mukumasula, kaya ndi pedulo ya kumanja kaya ya kumanzere. Mapedulo ambiri ali ndi chilembo ku mapeto a chitsulo chake, R ya kumanja ndi L ya kumanzere, ndipo nkoyenera kuchiyang'ana musanawabwezere. Chida chake ndi sipanala ya mamilimita 15, yaitali ndi yopyapyala kukamwa, chifukwa mpata wa pakati pa pedulo ndi mkono ndi wochepa. Bobojani kawirikawiri amanenepa, motero amangogwira theka la malo ogwira nkuwaperesa.

Pa nkhani ya masipanala pali chisokonezo china chimene chidachokera kutali. M'chaka cha 1841 Joseph Whitworth wa ku England adakonza miyeso yofanana ya mabawuti ndi manati, ndipo kwa zaka zambiri mafakitale a kumeneko ankatsata miyeso ya mainchesi yotereyi. Njinga zakale za ku England, monga Raleigh ndi Humber zimene agogo athu ankanyadira, zili ndi manati a mtundu umenewu. Chodabwitsa nchakuti nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wa nati, kotero kuti sipanala yolembedwa 1/4 kukamwa kwake kumaposa kota ya inchi kutali. Njinga zambiri za masiku ano zimatsata mamilimita. Tsono munthu akhoza kukhala ndi sipanala yooneka ngati yakwana pa nati, koma ili ndi kampata kochepa, ndipo kampata kameneko ndi kamene kamadya ngodya za nati kufikira itakhala yobulungira ngati ndalama. Muyeso wabwino ndi dzanja lanu lomwe. Sipanala yoyenera imalowa mothina ndipo siigwedera mukaigwedeza. Pamene pali malo, sipanala ya mphete imaposa ya kukamwa popeza imagwira ngodya zonse 6, pamene inayo imagwira mbali ziwiri zokha.

Bobojani sitikumnyoza. Sipanala yosinthika ya mtundu umene tili nawo lero adaikonza Johan Petter Johansson wa ku Sweden m'chaka cha 1892, ndipo ndi bwenzi la pa ulendo, makamaka kwa mwini njinga yakale ya manati a mainchesi. Chofunika ndi kumthinitsa bwino pa nati nthawi iliyonse musanakoke, ndi kumlowetsa mpaka mkati. Koma pulayala, iyo isamayandikire nati konse. Ntchito yake ndi kugwira waya.

Palinso msampha wina wa eni njinga zakale. Ekiselo ya mapedulo imakhala m'makapu awiri amene amalowa ndi mazinga m'chimango cha njinga. Pa njinga zambiri mazingawo amakhala 24 pa inchi, koma kampani ya Raleigh pa njinga zake zakale za ku Nottingham inkadula 26 pa inchi. Ndi maso simungasiyanitse. Kapu yolakwika imalowa kawiri kapena katatu nkuima, ndipo wosadziwa amatenga sipanala kuikakamiza, mapeto ake chimango chenichenicho chimaonongeka. Lamulo lake ndi lofanana pa njinga yonse: chilichonse cha mazinga chiyambe kulowa ndi zala, ndipo chikakana zala, sipanala isachikakamize. Dziwaninso kuti pa njinga zambiri za kuno kapu ya mbali ya tcheni nayonso mazinga ake ndi otembenuza.

Kotapini

Apa tichedwepo pang'ono, pakuti palibe kachitsulo kena kamene kavutitsa okwera njinga m'dziko muno koposa aka. Njinga zolimba zonyamulira katundu zochokera ku India ndi ku China zidatengera chitsanzo cha za ku England, ndipo zambiri mwa izo mikono ya mapedulo imagwidwa ndi kotapini. Iyi ndi pini yobulungira, yosemedwa mbali imodzi mopendekeka, kotero kuti ikamalowa imanka nithina, monga momwe kamtengo kokhomera kamalimbitsira mpini wogwedera. Ikayamba kutha mumamva kuti go, go, pa kupalasa kulikonse, ndipo phazi limakhala ngati laponda pa dzenje.

Ambiri akamva zimenezi amathamangira kumanga nati ya kotapini mwamphamvu, nati ija nkuduka pamodzi ndi mazinga ake. Natiyo si yokokera pini ayi. Ntchito yake ndi kungoletsa pini kuti isabwerere. Chimene chimakhazika kotapini m'malo mwake ndi kukhoma, ndipo pano ndi pamene nyundo ili ndi ufulu wake pa njinga. Komatu nyundoyo iyenera kukhala ndi mnzake, ndiye chidutswa cha paipi yachitsulo. Njinga iime pa matayala, mkono wa pedulo ugone chopingasa, tsono paipi muiimike pa simenti kapena pa mwala wolimba, kukamwa kwake kutachirikiza mkonowo pansi pa kotapini penipeni. Mukamenya chotero mphamvu ya nyundo imatsika ndi paipi kulowa pansi. Popanda paipi mphamvu yonse imapita ku timipira tachitsulo ta mkati, timene timaboola timaenje m'makapu, ndipo kuyambira tsikulo mapedulo amazungulira ngati muli mchenga.

Pochotsa kotapini yakale, mazinga ake aloze kumwamba, ndipo mumasule nati kufikira italingana ndi nsonga ya pini, osaichotseratu, kuti itchinjirize mazingawo. Kenaka menyani kamodzi kapena kawiri, molunjika ndi mwamphamvu. Kumenya mwamantha kambirimbiri kumangophwanya nsonga ndi kuipinda, pini osasuntha. Ikapindika ndithu, duleni nsongayo ndi sowo ya zitsulo ndipo yotsalayo muikhome ndi chitsulo chowongoka chocheperapo kuposa bowo.

Popita kukagula yatsopano tengani yakaleyo m'thumba. Njinga zambiri za chitsanzo cha ku England zimafuna kotapini ya mamilimita 9.5, koma zina, monga za ku France, zimafuna ya 9, ndipo theka la milimita likwanira kuti pini ikane kulowa kapena igwedere mpaka kalekale. Gulani ziwiri zofanana. Yatsopano ikakana kulowa mokwanira kuti nati igwire, chida chake ndi tupa: palani mbali yosemedwa ija pang'onopang'ono, mukuyesa, osasintha kupendekeka kwake. Ndipo mapini awiriwo alowe mosemphana, ndiye kuti mikono ikagona chopingasa nati imodzi iloze kumwamba, inayo pansi. Mukazilowetsa mbali imodzi mikono siikhala pa mzere umodzi, ndipo wokwera amapalasa ngati wotsimphina. Mutayenda masiku awiri kapena atatu khomaninso pang'ono ndi kumanganso nati.

Njinga za magiya zimene zadzaza m'misika yathu, zambiri zogwirapo kale ntchito ku maiko a kunja, zilibe kotapini. Pa zambiri mwa izo mkono umavala ku nsonga ya ekiselo ya mbali 4, ndipo umagwidwa ndi bawuti kapena nati imene imabisika pakati, pansi pa kachivundikiro. Mukachotsa bawutiyo, ndi sipanala ya bokosi ya 14 kapena ndi kiyi wa ngodya 6 wa mamilimita 8, mkono sugwa, umakakamirabe. Apa ndi pamene mnyamata wozolowera njinga ya atate ake amanyamula nyundo, osadziwa kuti mkono uwu ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Chida chake ndi chozulira, kachitsulo ka zigawo ziwiri: chakunja chimalowa m'mazinga a mu mkono, chamkati chimakankha ekiselo mukamachipotoza, mkono nkutuluka mwakachetechete. Zinthu ziwiri zokha muzisamale. Onetsetsani kuti washala sadatsalire mkati, ndiponso chigawo chakunjacho chilowe mpaka mapeto musanayambe kukankha, chifukwa chikagwira mazinga atatu okha chimawazula onse.

Tcheni ndi lula ya mwana wa sukulu

Tcheni cha timagudumu chimene tili nacho chidachokera ku nzeru za Hans Renold, mbadwa ya ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Manchester, m'chaka cha 1880. Patapita zaka 5, mu 1885, John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu osasiyana kwambiri kukula ndi tcheni choyendetsa gudumu la kumbuyo, ndipo iyi ndiyo kholo la njinga zonse tikukwerazi. Chinthu chimodzi chothandiza nchakuti pa matcheni a njinga a masiku ano, kaya achokere ku dziko liti, mtunda wa pakati pa pini ndi pini inzake ndi theka la inchi, ndiye kuti mamilimita 12.7. Chimene chimasiyana ndi kutambalala. Njinga yopanda magiya imafuna tcheni cha 1/8 ya inchi, ya magiya imafuna cha 3/32 kapena chopyapyala koposa apo, malinga ndi kuchuluka kwa masipoketi a kumbuyo. Motero pogula tcheni cha njinga ya magiya muyambe mwawerenga masipoketiwo.

Anthu amati tcheni chatanuka, koma chitsulo sichitanuka ngati mphira. Chimene chimachitika nchakuti fumbi losakanizika ndi mafuta limapera mapini ndi mabowo ake, mfundo iliyonse nkukhala ndi kampata, ndipo timipatato tikaphatikizana tcheni chimatalika. Tcheni chotalika sichikhalanso bwino pa mano, tsono chimayamba kuwadya kufikira atasongoka ndi kupindika ngati mlomo wa kabawi. Mukachedwa, simugula tcheni chokha ayi, mugulanso filiwilo, mwinanso ndi sipoketi yaikulu ya kutsogolo, pakuti tcheni chatsopano chimalumpha pa mano akutha.

Chida choyezera chili kale m'chikwama cha mwana wanu wa sukulu. Kanikizani pedulo kuti tcheni chikungike, ikani ziro wa lula pakati pa pini imodzi, ndipo werengani mapini 20 otsatira. Pa tcheni chatsopano pini ya 20 imagwera pa mamilimita 254 ndendende. Ikapitirira pang'ono 255, tcheni cha njinga ya magiya chafika posintha. Ikafika 256 ndi theka, tcheni cha mtundu uliwonse chatha, ndipo mosakayika mano nawonso adyeka. Ndi masamu amene mwana wa Sitandade 6 angawachite, ndipo ife taona kuti ana amakondwa kwambiri atate akawaitana kuti adzawayezere.

Podula kapena polumikiza tcheni, njira ya kumudzi ndiyo kuika pini pamwamba pa bowo la nati ndi kuikhoma ndi msomali. Tinene zoona, pa tcheni chonenepa cha njinga yopanda magiya munthu wodekha amatha kutero osaononga. Koma pa tcheni chopyapyala njirayi imapinda timbale ta m'mbali, ndipo mfundo yopindikayo ndi imene imadzaduka pa chitunda, munthu atanyamula matumba awiri a chimanga. Chida chodulira tcheni ndi kachitsulo kokwana m'chikhatho, kokhala ndi pogonekapo tcheni ndi kabawuti kokankha pini mowongoka. Ngati mufuna kulumikizanso ndi pini yomweyo, musaitulutsiretu, itsale ikulendewera ku kambale ka kunja. Mukalumikiza, mfundoyo ikauma, ipindeni uku ndi uku ndi manja kufikira itafewa. Matcheni opyapyala kwambiri, a masipoketi 9 kapena kuposa apo, pini yake ikatuluka siibwezedwanso. Pamafunika pini yatsopano yolumikizira kapena loko ya muyeso wake.

Loko ya tcheni chonenepa ili ndi kachitsulo kotsekera kooneka ngati kansomba. Mbali yake yotseka iyenera kutsogola, kuloza kumene tcheni chikupita, kuti kakakhudza udzu kapena thalauza kasavuke. Ndipo tcheni chisakungike ngati chingwe cha uta. Pakati pake chizitha kukwera ndi kutsika ngati theka la inchi, poyesa pamene chathina koposa mukazunguza mapedulo.

Gudumu la kumbuyo

Pano mpamene pafunika maso koposa mphamvu, chifukwa zida zake nzamitundumitundu ndipo sizibwerekana ntchito. Pa njinga zina masipoketi a kumbuyo pamodzi ndi timano tolira tija ndi chinthu chimodzi, filiwilo, chimene chimalowa pa habu ndi mazinga. Pa zina timanoto tili mu habu momwemo, ndipo masipoketi amangovala pamwamba nkutsekeredwa ndi mphete ya mazinga. Mtundu wachiwiriwu amautcha kaseti, dzina lofanana ndi la zoimbira nyimbo zija za kale. Kuti mudziwe chimene muli nacho, chotsani gudumu, yang'anani pakati pamene pali mipata yolowetsamo chida, ndipo zunguzani masipoketi chobwerera m'mbuyo. Mipatayo ikazungulira pamodzi ndi masipoketi, ndiye kaseti. Ikaima, masipoketi okha nkumazungulira, ndiye filiwilo.

Filiwilo imadzimanga yokha pa kupalasa kulikonse, tsono ya zaka zambiri imagwira kolimba zedi. Chomasulira chake chiyenera kulingana ndi mipata yake: zina zili ndi mipata 2, zina 4, zina timizere 12 ta mkati monga za Shimano. Chomasulira kaseti chimafanana kwambiri ndi cha filiwilo ya timizere 12, koma si chimodzi, ndipo ambiri agula cholakwika poyang'ana ndi maso okha. Nchifukwa chake timati musapite ku sitolo ndi mawu, pitani ndi gudumu, mukayesere pomwepo. Pomasula, lowetsani chidacho, chigwiritseni ndi nati ya ekiselo momasuka pang'ono kuti chisapulumuke, chipaneni mu vaisi gudumu litagona pamwamba, ndipo gwirani tayala ndi manja awiri nkupotoza ngati dalaivala wa basi akukhotera kumanzere. Ikangogonja, masulani nati ija musanapitirize. Poika yatsopano pakani girisi pa mazinga, kuti amene adzaimasule m'tsogolo asadzakutukwaneni.

Kaseti imafuna zida ziwiri, chomasulira mphete ndi chogwirira masipoketi kuti asazungulire. Chachiwirichi simufunika kugula. Ndi chitsulo chophwatalala chotalika ngati mkono, chimene ku nsonga kwake amangirirako chidutswa cha tcheni chakale, ndipo wowotcherera zitsulo aliyense pa msika angakupangireni mukamfotokozera.

Mafiliwilo ena a sipoketi imodzi alibe pogwira chida mpang'ono pomwe. Amakaniko amawachotsa mwa kuwaphwasula: amamasula kambale ka pamwamba kokhala ndi timaenje tiwiri, kamene mazinga ake ndi otembenuza, timipira tonse nkukhuthuka, ndipo chotsalacho amachipana mu vaisi. Njirayi ndi ya filiwilo imene mwatsazikana nayo kale.

Za makoni a habu tinene mwachidule. Amafuna sipanala yopyapyala kwambiri, kawirikawiri ya 15 kumbuyo ndi 13 kutsogolo, yoti igwire koni pamene sipanala ina ikumanga nati ya kunja. Sipanala yakale yoipala ndi tupa kapena pa mwala wonolera imagwira ntchitoyi bwino lomwe. Pophwasula yalani nsalu yoyera pansi ndi kuwerenga timipira ta mbali iliyonse. Mu habu ya kumbuyo nthawi zambiri timakhala 9 mbali imodzi. Gudumu lomangidwa bwino limazungulira momasuka koma siligwedera mukalikankhira m'mbali.

Tsono wina adzafunsa kuti, kodi banja la kumudzi lingagule zonsezi? Iyayi, ndipo sikofunika. Mwa kuona kwathu, pakhomo pakhale masipanala atatu kapena anayi olingana ndi manati a njinga ya pakhomopo, tupa, chidutswa cha paipi, ndipo ngati njingayo ndi ya magiya, chodulira tcheni ndi makiyi a ngodya 6 a mamilimita 4, 5 ndi 6. Chozulira mkono ndi chomasulira filiwilo zimagwira ntchito mwina kamodzi pa chaka, motero nkwanzeru kulipira makaniko amene ali nazo, kapena mabanja angapo a njinga zofanana asonkherane. Koma posonkherana pakhale munthu mmodzi wosunga, ndipo ntchito izichitikira pakhomo pake, pakuti akulu adati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Popereka njinga kwa makaniko, yambani mwaona zimene zili m'bokosi mwake. Ngati muli nyundo, tchizulo ndi pulayala basi, njinga ya magiya musaisiye pamenepo.

Pogula sipanala musakopeke ndi kunyezimira. Zotsika mtengo zambiri chitsulo chake nchofewa, kukamwa kumayasama pa nati yoyamba yolimba, ndipo kuyambira pamenepo sipanalayo imaononga nati iliyonse imene yakhudza. Zolembedwa kuti Chrome Vanadium kawirikawiri zimakhala zolimba, ngakhale kuti cholembedwa chokha si umboni. Ife timakonda sipanala yakale yakuda ya pa msika wa zitsulo, bola kukamwa kwake kukhale kowongoka, ndipo timapita ndi nati m'thumba kuti tikayese.

Inu makolo, mnyamata kapena msungwana amene waonetsa chidwi pa zitsulo musamthamangitse pa njinga. Mtumeni akakhale tsiku limodzi pafupi ndi makaniko wodziwa, ngakhale kungomgwirira gudumu, ndipo akabwera akuuzeni chimene waona. Inunso achinyamata, chinthu chikakana kumasuka imani kaye, funsani ngati mazinga ake si otembenuza, thirani madontho a palafini kapena oyilo, ndipo muchisiye chigone usiku umodzi. Zambiri zimene zimakana madzulo zimalola m'mawa.

Zida zotsala ndi zimene sizifuna ndalama: mswachi wotha, kansanza ndi chitini cha palafini pang'ono. Tsukani tcheni ndi mano a masipoketi ndi mswachiwo kufikira dothi lakuda litachoka, ndipo mudikire chiume. Kenaka donthezani oyilo woyera wa injini, dontho limodzi pa mfundo iliyonse, mukuzunguza mapedulo chobwerera m'mbuyo. Mafuta ophikira musathire, amauma nkukhala ngati ulimbo, ndipo oyilo wakuda wokhuthulidwa mu galimoto ali kale ndi zinyalala zake. Girisi ndi wa timipira ta mu habu ndi mu makapu. Pa tcheni amangoitana mchenga. Mukatha kuthira, pukutani kunja konse ndi kansanza mpaka tcheni chioneke ngati chouma, popeza mafuta amene akugwira ntchito ndi amene alowa mkati mwa mfundo. M'nyengo ya fumbi chitani zimenezi kawiri pa mwezi, ndipo m'dzinja tsiku lililonse limene mwaoloka mtsinje kapena mwabvumbwa ndi mvula pa njira.